Funsani Aphunzitsi: Kodi Keir Hardie anali yani?

Aphunzitsi, ine ndimasoka zovala pa fakitale ina kuno ku Harare. Malemu agogo anga, amene anachokera ku Dedza kudzagwira ntchito m'migodi, ankatchula dzina la Keir Hardie akamakamba za mabungwe a apantchito. Anali yani ameneyu?
Mayi wa ku Mufakose

Mayi, agogo anuwo ankadziwa zinthu. Hardie anabadwira ku Lanarkshire, Scotland, mu 1856, ndipo analowa mumgodi wa malasha ali ndi zaka 10. Eni migodi atamuchotsa ntchito chifukwa cholankhulira anzake, anadzipereka ku bungwe, nakhala mlembi wa ogwira ntchito m'migodi ku Ayrshire mu 1886.

Mu 1892 anasankhidwa kukhala phungu wa West Ham South ku London. Mu 1894 mgodi unaphulika ku Cilfynydd, Wales, nupha anthu oposa 250. Nyumba ya malamulo inali kalikiliki kuyamikira kubadwa kwa mwana wachifumu, amasiye ali pamaliro. Hardie anaimirira n'kudzudzula, aphungu anzake akumukuwiza. Mpando unamuchoka mu 1895, koma anabwerera mu 1900 kuimira dera la Merthyr Tydfil ku Wales, ndipo mu 1906 anatsogolera aphungu a chipani cha Labour.

Ine chimene chimandikhudza mtima ndi ulendo wake wa ku Johannesburg mu 1908. Azungu a kumeneko anamuukira chifukwa iye ankati mabungwe alandirenso anthu akuda. Mwina n'chifukwa chake dzina lake linafika m'makomboni a agogo anu. Anamwalira ku Glasgow mu 1915, atatsutsa nkhondo yoyamba ya dziko lonse mpaka anzake ambiri kumuthawa.