Aphunzitsi, musanaike choko pansi, imvani za Brendan Gleeson

Sabata yatha ndinalandira imelo yochokera kwa aphunzitsi ena a kusekondale, amene anandipempha kuti dzina lawo ndisalitchule. Ali ndi zaka 33, amaphunzitsa Chingerezi, ndipo kalabu ya zisudzo pasukulu pawo ili m'manja mwawo. Akuti tsiku lina ana awo akuonera filimu ya Harry Potter, mnzawo wina anawauza kuti bambo wa diso loyendayenda uja, Mad-Eye Moody, anali mphunzitsi asanatchuke. Funso lawo ndi ili: "Kodi ndi zoona? Nanga ngati iye zinamutheka, ine ndikudikiranji? Mtima wanga uli pa zisudzo, pabolodi ndimangopitapo."

Aphunzitsi, ndi zoona ndithu. Dzina lake ndi Brendan Gleeson, wa ku Ireland, anabadwira mumzinda wa Dublin pa 29 Malichi 1955. Anaphunzira pa University College Dublin, kenako n'kumaphunzitsa Chingerezi ndi chiyankhulo cha makolo a dziko lawo pa sekondale ya Katolika yotchedwa Belcamp College. Uphunzitsi anausiya mu 1991, zaka zake zitapitirira 35, ali ndi banja ndi ana aang'ono. Koma mnzanuyo wakuuzani mutu ndi mchira wokha. Thupi la nkhaniyi lili pakati, ndipo ndi limene ndikufuna tilione bwino.

Gleeson sanadzuke tsiku limodzi n'kutaya choko kuti akayese mwayi. Zaka zonse zimene ankaphunzitsa, madzulo ankakhala pa siteji. Mu 1984 mphunzitsi wina, Paul Mercier, anayambitsa ndi anzake gulu la zisudzo lotchedwa Passion Machine. Gululi silinkasewera nkhani za mafumu akale. Linkasewera moyo wa anthu wamba a kumpoto kwa Dublin, m'kayankhulidwe kawo ka tsiku ndi tsiku, mu holo ya SFX, kwa anthu amene ambiri mwa iwo sankapita kunyumba zikuluzikulu za zisudzo. Gleeson anali m'gulumo. Mu 1987 anasewera m'sewero la Brownbread, lolembedwa ndi Roddy Doyle, amenenso pa nthawiyo anali mphunzitsi pasukulu imodzi ndi Mercier. Gleeson mwini analemba masewero ake, ena n'kuwatsogolera yekha. Taganizani: m'mawa kalasi, masana kuchonga makope, usiku kuloweza mawu ndi kuyeserera, mawa lake belu la sukulu lomwe lija.

Kwathu kuno wina akanamuuza kuti mapanga awiri avumbwitsa. Pa nkhani iyi ine sindivomereza. Mapanga awiriwo ndi amene anamusunga. Malipiro a uphunzitsi ankadyetsa ana, siteji inkanola luso. Filimu yake yoyamba, The Field ya mu 1990, anaijambulitsa ali ndi zaka 34, ndipo gawo lake linali laling'ono zedi, la munthu wogwira ntchito pa kwale ya miyala. Akusiya kuphunzitsa chaka chotsatira, anali munthu woti otsogolera zisudzo ku Dublin akumudziwa kale nkhope ndi mawu. Chaka chomwecho anasewera ngati Michael Collins, mtsogoleri wa nkhondo yomenyera ufulu wa Ireland, mufilimu ya pa TV yotchedwa The Treaty, ndipo mu 1992 analandira nayo mphoto ya Jacob's Award.

Palinso chinthu china chimene anthu okamba nkhani yake amachidumpha, ndicho nthawi. Mu 1993 boma la Ireland linadzutsanso bungwe lothandiza opanga mafilimu, Irish Film Board, n'kukuzanso mwayi wochepetsera msonkho anthu oika ndalama m'mafilimu. Makampani akunja anayamba kukhamukira kumeneko. Braveheart, ya mu 1995, ndi nkhani ya ku Scotland, koma mbali yaikulu anaijambulira ku Ireland, ndipo Gleeson anapezamo gawo la Hamish, mnzake wa pamtima wa ngwazi ya nkhaniyo. Anthu a kunja anamuonera pamenepo. Luso anali nalo kale, koma msika unamupeza pakhomo. Inu aphunzitsi, funso loti msika wa zisudzo uli pati kumene mukukhalako, ndipo ukulipira bwanji, musalithawe. Likufunika pensulo ndi pepala, mutakhala pansi ndi amayi a kunyumba.

Ngakhale zitatero, ulemerero sunabwere msanga. Mu 1996 atapanga filimu yaikulu ya moyo wa Michael Collins, gawo la Collins anapatsa Liam Neeson, ndipo Gleeson, amene anali atalisewera kale bwino lomwe, anamupatsa la Liam Tobin, mmodzi mwa omuthandiza. Analitenga. Kwa zaka zambiri ku Hollywood ankakhala munthu woima pambali pa ngwazi: mnzake, bambo ake a wina, mfumu yokwiya. Moody uja anayamba kumusewera mu 2005 ali ndi zaka 50. Mphoto ya Emmy inadza mu 2009, atasewera ngati Winston Churchill, nduna yaikulu yakale ya Britain. Dzina lake linafika pa mndandanda wa opikisana pa mphoto yaikulu ya mafilimu ya Oscar mu 2023, ali ndi zaka 67, ndipo sanapambane.

Mukafuna kudziwa chifukwa chake ndimamulemekeza munthuyu, funani Calvary, ya mu 2014. Mphindi zoyambirira kamera siisuntha. Ili pankhope yake basi, ali wansembe m'kachipinda kolapira. Munthu amene sitikumuona akumufotokozera nkhanza zimene wansembe wina anamuchita ali mwana, kenako akumuuza kuti adzamupha Lamulungu la sabata yamawa, ngakhale iye sanalakwe kanthu. Gleeson sakuwa, satukula manja. Maso amangotsika pang'ono, mpweya n'kuima, nkhope n'kumalemera inu mukuona. Ndinaibwereza katatu mbali imeneyi. Ndi munthu amene akumvetsera ndi thupi lonse, ndipo ine ndimakhulupirira kuti kumvetsera kotere anakuphunzira m'kalasi. Mphunzitsi weniweni amadziwa mwana amene akunama, amene sanadye, amene akufuna kulira koma akudzigwira. Nanunso mumaziona zimenezi tsiku lililonse, ndiye musamanene kuti pabolodi mumangopitapo. Pamenepo pali sukulu yanu ya zisudzo imene ena alibe.

Zimene anali nazo asanatchuke sanazitaye. Chiyankhulo cha makolo ake amachiyankhula bwino ndipo amachilimbikitsa poyera. Vayolini amaiimba yekha, moti mu The Banshees of Inisherin, imene inamufikitsa ku Oscar ija, zala zimene mukuziona pa zingwe ndi zake, ndipo nyimbo imene munthu wa m'nkhaniyo akupeka anaipeka ndi iye. Sitejinso sanaiiwale. Mu 2015 anabwerera ku Olympia Theatre ku Dublin m'sewero la The Walworth Farce, akusewera ndi ana ake awiri, Domhnall ndi Brian. Ana amene anali ang'onoang'ono bambo awo akutula pansi uphunzitsi, tsiku limenelo anaima nawo pa siteji imodzi. Domhnall ndi yemwe uja anasewera Bill Weasley mu Harry Potter, ana anu amudziwa.

Tsono mwandifunsa kuti mukudikiranji. Zaka 33 si kuchedwa, pamenepo mtima ukhale m'malo. Koma kalata yosiya ntchito musailembe chaka chino. Mu imelo yanu mwandiuza za masewero amene mumaphunzitsa ana, koma simunatchule ngakhale limodzi limene inu mwini munaimamo pamaso pa anthu olipira pakhomo. Yambirani pamenepo. Pezani akuluakulu anzanu anayi kapena asanu, kaya aphunzitsi, kaya anamwino, kaya a kwaya. Lembani sewero la anthu a m'dera lanu, m'Chichewa chimene amayankhula pamsika, monga a Passion Machine anachitira ndi anthu a kwawo. Pemphani holo ya tchalitchi kapena ya sukulu Loweruka madzulo, ikani mtengo pakhomo ngakhale wochepa, ndipo muwerenge anthu amene abwera. Mukabwereza Loweruka linalo, muwerengenso, makamaka amene abwera kachiwiri ndi mnzawo.

Tsiku la sewero loyambalo mukalidziwa, mundilembere pa imelo yomweyi, munditumizirenso script ndiiwerenge.