Musanafomate ST-225 yanuyo, yang'anani kaye khadi yake

Achimwene, mwanena kuti mwapeza kompyuta yakale ya mtundu wa XT yokhala ndi hadi disiki ya Seagate ST-225, ndipo ikumalemba kuti "Sector not found". Mukufunsa ngati lamulo la DOS la FORMAT C: lingathetse vutoli, kapena mpaka mupange low-level format. FORMAT C: payokha sichiza matenda amenewa. Low-level format ikhoza kuchiza, koma musathamange, chifukwa imafufuta chilichonse.

Madisiki a nthawi imeneyo, ngati yanuyo, olembedwa m'njira yotchedwa MFM, ali ngati munda wosagalauza. Amene amaunga mizere ndi khadi ya controller: imagawa mzere uliwonse m'magawo otchedwa sector, n'kulemba nambala kumutu kwa gawo lililonse kuti idzalipeze. Low-level format ndi imeneyo. FORMAT ya DOS imangobwera pambuyo kudzalemba kaundula wa mafayilo m'mizere youngidwa kale. Ndiye ngati nambala za kumutu zija sizikuwerengeka, DOS ingolemba kuti pamenepo paola, n'kupitirira.

ST-225 ili ndi ma cylinder 615 (kutanthauza mizere 615 pansi pa mutu uliwonse), mitu yowerengera 4, ndi ma sector 17 pa mzere uliwonse, lililonse la ma byte 512. Mukachulukitsa mupeza pafupifupi 20 MB. Mitu yake imayendetsedwa ndi stepper motor, injini yongowerenga masitepe, yosaona pamene yaponda. Chitsulo chikatentha chimafutukuka, chikazizira chimabwerera, ndipo pakapita zaka mutu umayamba kutera pambali pa mzere. N'chifukwa chake disiki yotere imavuta m'mawa kukuzizira, koma ikatenthedwa n'kuyamba kuwerenga bwino. Ngati m'disikimo muli mafayilo amene mukuwafuna, iyatseni, idikireni theka la ola, mukopere pa flopi zonse zimene zingatuluke.

Tsono za khadi. Kaungidwe ka mizere kameneka n'ka disiki ndi khadi yake pamodzi, ndipo makampani sankagwirizana kalembedwe. Disiki yofomatidwa ndi khadi ya Xebec nthawi zambiri siwerengeka pa ya Western Digital, ngakhale ilibe vuto lililonse. Ngati amene anakugulitsaniyo anasintha khadi, disiki yanu mwina ndi yabwinobwino, yangosowa mnzake. Onaninso ngati khadiyo ili ya MFM kapena ya kalembedwe kena kotchedwa RLL. Ya RLL imapanikiza ma sector 26 pa mzere, malo n'kukwera kupitirira 30 MB, ndipo anthu ambiri ankakopeka nazo. Koma Seagate inavomereza ST-238R pa ntchito imeneyo, osati ST-225. Ine sindingayese, makamaka pa disiki yokalamba chonchi. Zingwe ziwiri zija, chachikulu cha mapini 34 ndi chaching'ono cha 20, zizuleni n'kuzibwezera bwino. Nthawi zina dzimbiri lokha ndilo limanamizira disiki.

Zonsezi zikakhala bwino, ikani disiki mmene izikhalira masiku onse, chogona kapena cham'mbali, muisiye itenthe. Yatsani kompyuta ndi flopi ya DOS yokhala ndi mapulogalamu a DEBUG, FDISK ndi FORMAT. Pa makhadi a Western Digital monga WD1002A-WX1, pulogalamu yofomatira ili m'khadi momwemo: lowani mu DEBUG, mulembe G=C800:5. Makhadi a makampani ena ali ndi adiresi yawoyawo, choncho werengani dzina pa khadipo musanalembe.

Ikufunsani interleave, nambala yonena kutalikirana kwa ma sector otsatizana pa mzere, ndipo apa ndi pamene anthu amadzipweteka okha. Disikiyi imazungulira ka 3,600 pa mphindi, pamene 8088 ya 4.77 MHz, ubongo wa kompyuta yanuyo, ndi nkhalamba. Ikamamaliza kumeza sector yoyamba, yachiwiri imakhala itadutsa kale. Ndiye ma sector amawayala modumphadumpha kuti kompyuta ipezeko mpata wopuma. IBM pa XT yake ya 1983 inkaika 6. Mukaika 1 poganiza kuti ithamanga, disiki izizungulira ulendo wathunthu pa sector iliyonse, maulendo 17 kuti iwerenge mzere umodzi. Koma mukaika nambala yopyola yoyenera ndi imodzi, mumangotaya ulendo umodzi wokha. Ine ndingaike 4. Mukapeza pulogalamu yakale ya Steve Gibson yotchedwa SpinRite, imayesa yokha nambala yoyenera makina anuwo n'kukonzanso mizere osafufuta mafayilo, ngakhale ndingakoperebe kaye.

Pamwamba pa disikipo pali kapepala kolembedwa malo owonongeka amene anawapeza ku fakitale, cylinder ndi mutu wake. Alowetseni onse pulogalamu ikafunsa. Ena amadumpha poona kuti malowo akuwerengeka lero, kenako mafayilo n'kudzaolera pomwepo. Mukatha, FDISK, kenako FORMAT C: /S. Ndi DOS 3.3 malire a partition imodzi, chigawo cha disiki chimene FDISK imapanga, ndi 32 MB, ndiye yanuyo ikwana yonse pa C.

Zimene ndanenazi musakazichite pa disiki ya IDE, ya chingwe chimodzi cha mapini 40. Imeneyo mizere yake anaungira ku fakitale, si ya kuigwira. Komanso ST-225 siimika yokha mitu pamalo otetezeka ikazima, choncho pezani kapulogalamu ka PARK muzikayendetsa musananyamule kompyutayo. Ngati mutafomata kawiri ikulembabe kuti "Track 0 bad", vuto lili pa mbale penipeni ya m'kati mwa disiki, ndipo ndingayambe kufunafuna XT-IDE, khadi yolola XT kugwiritsa ntchito madisiki a IDE, ndi khadi ya CompactFlash yolowa m'malo mwa disikiyo.