Kambalame ka mlomo wofiira komwe kagunda windo ku Matawale

Mayi, mwafunsa ngati kambalame ka mlomo wautali wofiira kamene mwakatola pansi pa windo m'mawa uno ndi kamwana ka mbalame zogwira nsomba, komanso ngati nkoyenera kukakasiya ku Likangala. Chonde musapite nako kumtsinje. Malinga ndi chithunzi mwaikacho, kameneko ndi African pygmy kingfisher, ndipo ndi kakakulu kale. Kukula kwake nkomweko, masentimita 12 kapena 13 kuyambira kumlomo mpaka kumchira. Ana ake amakhala ndi mlomo wakuda, kufiirako kumabwera akakhwima.

Kayang'anitsitseni kumutu. Pamwamba pali buluu wa timizere takuda, koma buluuyo safika padiso. Pakati pamadutsa mzere wa olenji ngati nsidze. Patsaya pali mtundu wa pepo, pakhosi nkoyera, mimba yonse ndi ya olenji, timiyendo tofiira. Apa mpomwe ambiri amasokonezera ndi malachite kingfisher, ija timaiona itatera pabango ku nyanja ya Chilwa. Ya ku Chilwayo buluu wake amatsika mpaka kukhudza diso, ili ndi tsumba lomwe imadzutsa ikadzidzimuka, ndipo ilibe pepo patsaya. Palinso ina yokulirapo, half-collared, yokonda timitsinje ta mthunzi ngati Mulunguzi, koma iyo mlomo wake ndi wakuda. Ziwirizi ndiye zodya nsomba.

Kanuko ndi kam'nkhalango ndi m'zitsamba zowirira. Kamatha kukhala kutali ndi madzi osavutika. Kamatera pakanthambi kotsika, kawirikawiri mita imodzi kapena iwiri kuchoka pansi, nkukhala phee, mwina kungogwedeza mutu ndi kamchira. Kakaona chiwala, kangaude, nyenje, kabuluzi kapena kachule kakuyenda m'masamba ouma, kamatsika ngati mwala, kutola, nkubwerera panthambi. Pamenepo kamamenyetsa chogwidwacho pamtengo mpaka chitafooka, kenako kumeza chamutu. Kulira kwake ndi ka "tsip tsip" koonda, kambiri kakamauluka, moti anthu ena amakhala nako pamunda miyezi osadziwa.

Nanga kagunda bwanji windo? Tambiri timabwera kuno kudzaswana cha mu Seputembala ndi Okutobala kuchokera kumpoto, kufupi ndi pakati pa Africa, nkubwerera cha mu Malichi ndi Epulo. Maulendo amenewa timayenda usiku, motsika. Magetsi a panja amatisokoneza, ndipo galasi likamaonetsa mitengo timaliyesa njira. Nchifukwa chake timapezeka pakhonde mbandakucha m'miyezi imeneyi.

Chochita tsopano ndi ichi. Pezani katoni yaing'ono ngati ya nsapato, boolani timabowo tolowera mpweya, yalani kansalu pansi kuti kasamaterereke. Kaikeni m'menemo, tsekani, muike pamalo a mdima, opanda phokoso, kutali ndi dzuwa, mphaka ndi ana. Mdimawo ndi umene umakakhazika mtima pansi. Musamatsegule pafupipafupi. Pakatha ola limodzi kapena awiri, tulukani nayo katoniyo, mukaitsegulire pafupi ndi zitsamba zowirira, nkusuntha pang'ono. Kakakhala kuti kanangochita chizungulire, kauluka kokha. Musakaponye m'mwamba, kakakhala kofooka kagwa nkuvulala kawiri.

Cholakwika chachikulu chomwe anthu achifundo amachita ndi kukatsegula mlomo nkuthiramo madzi. Khomo la mpweya la mbalame lili kuseri kwa lilime, ndiye madontho ochepa chabe amalowa m'mapapo, kambalame nkufa. Nsima, mpunga, buledi kapena mkaka, zonsezi si chakudya chake. Ngati pofika madzulo phiko limodzi likulendewera, kapena mutu wapendekeka, ndiye kuti kavulala kwambiri. Funsani a zanyama zakuthengo kapena dotolo wa ziweto. Kukasunga m'khola sikuthandiza, kamafa masiku ochepa chifukwa kamafuna tizilombo tamoyo tsiku lonse.

Windo lomwelo lidzagundidwanso mukapanda kulikonza. Jambulani madontho kapena mizere ndi sopo kapena penti yoyera kunja kwa galasi, motalikirana masentimita 5. Kunja, osati m'kati, popeza chithunzi cha mitengo chimaonekera kunjako. Chomata chimodzi pakati pa windo sichikwanira, kambalame kamangofuna kudutsa pambali pake. Magetsi a panja amene sali ofunikira muzizimitsa usiku m'nyengo ino, kapena muwavindikire kuti aziwalira pansi.

Ngati kakhazikika pafupi nanu, mvula ikamayamba yang'anani m'magomo a dothi, m'mbali mwa ngalande kapena pachulu. Sikamanga chisa mumtengo. Kakakazi ndi kakamuna timathandizana kukumba una wa masentimita 30 mpaka 60, kumapeto kwake nkuikirako mazira oyera, nthawi zambiri 4 mpaka 6, ndipo timasinthana kufungatira pafupifupi masiku 18. Una wotere umaonongeka mosavuta: wina akabwera kudzakumba dothi la njerwa kapena lozirira nyumba, khasu limodzi lokha latha mazira onse. Mukaona kabowo kozungulira komwe kambalame kakulowa ndi chiwala kukamwa, auzeni okumbawo asiye mbali imeneyo kwa mwezi ndi theka, ndipo anyamata a malegeni muwaletse kusewera pamenepo.