Kodi filimu yothokoza iyenera kuliza anthu?

Achemwali ena andilembera imelo. Akuti akufuna kujambula kafilimu kakafupi kothokoza agogo awo amene anawalera, koma anzawo akuwauza kuti mukapanda maliro kapena njala, palibe adzaonere mpaka kumapeto. Ndiye akufunsa ngati chisoni chili chofunika, kapena angojambula zosangalatsa zokhazokha.

Achemwali, anzanuwo sakunama kwenikweni, koma aphonya chifukwa chake. Woonera safuna misozi. Amafuna adziwe kuti chimene mukuthokozacho chinabwera movutikira bwanji.

Taonani The Boy Who Harnessed the Wind ya 2019, imene Chiwetel Ejiofor anajambula konkuno ku Kasungu, yonena za William Kamkwamba, mnyamata wa ku Wimbe amene anapanga makina a mphepo opanga magetsi. Anthu amaitcha filimu yolimbikitsa, koma gawo lalikulu ndi mavuto okhaokha: mwana achotsedwa sukulu chifukwa cha fizi, njala ya 2001 mpaka 2002 ifika, banja liyamba kudya kamodzi patsiku, galu wake Khamba afa. Chimwemwe chimabwera kumapeto kwenikweni, makina ake a mphepo atayamba kupopa madzi othirira mbewu.

Koma pamene ine pamandikhudza si pa madziwo. Ndi pa njinga. Bambo ake a William, amene Ejiofor anasewera yekha, amakana mwaukali kupereka njinga yawo, chinthu chokhacho chamtengo wapatali chotsala pakhomo. Kenako amaipereka kuti iduledwe, William apangire makina a mphepo aja. Kuthokoza konse kwa mufilimuyi kwagona pamenepo, popanda wina kuima n'kuyamba kulakatula mawu oyamikira. Tikanapanda kuona kukana kuja, kuperekako sikukanatilasa mtima.

Ndinene ndithu kuti opanga filimuyi anakometsera zina. Makina oyamba a mphepo amene William anapanga ali ndi zaka 14 ankayatsa mababu kunyumba kwawo. Zopopa madzi zinabwera patapita zaka. Anazisuntha kuti njala ndi chipulumutso zikumane. Zimenezo ndimazimvetsa. Chimene sindikonda ndi chizolowezi cha ena chothira mavuto mufilimu ngati mchere, poganiza kuti Mwafirika akapanda kuvutika pa kanema azungu sagawa mphoto. Musagwere m'mbuna imeneyo.

Za agogo anu, musapeke maliro amene kunalibe. Dzifunseni kuti anataya chiyani kuti inu mukule. Kaya anagulitsa mbuzi kuti mulembe mayeso, kaya ankanama kuti adya kale pamene ndiwo zachepa, jambulani chimenecho. Kamera ikhale pa manja awo akusenda mtedza, asiyeni alankhule okha, ndipo akakhala chete musafulumire kudula. Nyimbo yachisoni ya piyano ija ya m'mafilimu ambiri muisiye. Phokoso la pakhomo, nkhuku ndi mtondo, likwanira. Akaseka nthabwala zawo zakale, musachotse, ngakhale zitatenga mphindi yathunthu.

Mukamaliza, oyamba kuonera akhale agogowo, musanaike pa YouTube.