Kamzere ka "full-time" ndi zilembo zazikulu m'makalata a kuntchito

Achemwali, mwafunsa chifukwa chake bwana wanu ku Sandton, ku South Africa, nthawi zina amakonza "full time" kukhala "full-time", nthawi zina n'kungosiya. Sikuti akusinthasintha maganizo ayi. Amayang'ana malo amene mawuwo akhala m'chiganizo.

Mawu awiri kapena atatu akamagwira ntchito ya mfotokozi mmodzi, dzina n'kubwera pambuyo pawo, alumikizeni ndi kamzere: "a full-time job", "a long-term contract", "an up-to-date report". Dzina likayamba iwo n'kutsatira, nthawi zambiri kamzereko kamachoka: "the report is up to date". N'chimodzimodzi akamafotokoza mneni: "I work full time". Cholinga chake n'chakuti wowerenga adziwe msanga mawu amene akuyendera limodzi. "Small-business owner" ndi mwini wa bizinesi yaing'ono, koma mukachotsa kamzere wina atha kumva kuti mwiniwakeyo ndiye wamng'ono thupi.

Pa manambala ndi pamene ambiri timagwa, makamaka pa CV. Lembani "a three-month contract", "24-hour security", "a two-bedroom flat", popanda s. Koma "five years' experience" ilibe kamzere, ili ndi s ndi kachizindikiro kam'mwamba kaja (').

Muonjezi wothera ndi -ly safuna kamzere: "a highly skilled welder". "Well" amafuna: "a well-known supplier".

Chonde samalani ndi "re-sign" ndi "resign". Loyambalo n'kusainanso kontirakiti, lachiwirilo n'kusiya ntchito, ndipo kompyuta siikuchenjezani poti onsewo ndi mawu olondola. Kalata yotere yopita ku HR, ofesi yoona za anthu ogwira ntchito, muziiwerenga kawiri.

Za zilembo zazikulu: pakati pa chiganizo musakuze mfotokozi, kupatula mbali imene ili dzina la malo, la mtundu kapena la chiyankhulo, monga "a Johannesburg-based company", "Chichewa-speaking staff". Pa mutu wa imelo kapena lipoti pali njira ziwiri zovomerezeka, "Full-time driver wanted" ndi "Full-Time Driver Wanted". Ine ndingasankhe yoyamba chifukwa mpata wolakwitsa ndi wochepa, koma tsegulani kaye malipoti akale a pakampani panu muone imene amatsata, ndipo musasakanize m'chikalata chimodzi.

Mu Word sankhani Chingerezi cha South Africa. Musasiye mpata uku ndi uku kwa kamzere, chifukwa Word amakasandutsa mzere wautaliko umene uli ndi ntchito ina.