Sitima yaing'ono kapena yaikulu popita ku Antarctica?

Mayi wina amene amagwira ntchito ya unamwino ku Manchester wandilembera imelo. Akuti wakhala akusunga ndalama kuti akaone Antarctica, koma wapeza kuti sitima zazing'ono, zonyamula anthu osapitirira 200, n'zodula kuposa zikuluzikulu zija. Ndiye akufunsa ngati si kutaya ndalama, makamaka poti iye mafunde amamudwalitsa.

Amayi, ngati mtima wanu uli pa kukaponda nthaka ya kumeneko, kwerani yaing'ono.

Nkhani yagona pa malamulo. Makampani ambiri otengera alendo kumeneko ali m'bungwe la IAATO, lomwe linakhazikitsidwa mu 1991, ndipo amatsatira mfundo yoti pamalo amodzi pasatsike anthu oposa 100 nthawi imodzi. Sitima yonyamula anthu opitirira 500 ndiye siiloledwa n'komwe kutsitsa munthu. Mumangodutsa, n'kumaona mapiri a madzi oundana muli pakhonde la sitima. N'zokongola ndithu, sindikukana, koma mudzabwerako nsapato zanu zisanakhudze gombe. M'sitima ya anthu 100 kapena kuposerapo pang'ono, nyengo ikalola, mumatsika m'mawa ndi masana omwe.

Kutsikako kumakhala ngati mmene Ilala imachitira pamadoko opanda jete: sitima imaima patali, anthu n'kukwera timaboti. Kumeneko ndi maboti a labala otchedwa Zodiac, okwera anthu pafupifupi 10, ndipo pofika mumatsikira m'madzi ozizira mutavala magambuti. Musanatsike ndiponso pobwerera mumatsuka magambutiwo ndi mankhwala, ndipo matumba a majekete amawapopa ndi makina kuti musalowetse njere kapena tizilombo. Poopa kufalitsa chimfine cha mbalame, ngakhale kukhala pansi kapena kugwada amaletsa.

Chimene zithunzi sizikuuzani ndi fungo. Mudzi wa mbalame za penguin mumayamba kuumva m'mphuno boti lisanafike. Zitosi zake ndi zofiirira chifukwa cha tinkhanu ta krill timene zimadya, ndipo zimapaka miyala yonse. Mbalamezo zili ndi tinjira take m'chipale chofewa, tokumbika chifukwa chopondapo tsiku ndi tsiku, kuchokera ku zisa kupita kunyanja. Lamulo ndi loti mutalikirane nazo mamita 5, ndipo mukakumana panjira, woima ndinu. Mumaona yaimuna itanyamula kamwala kukamwa, ikupita nako ku chisa, kenako inzake n'kuibera itangocheuka. Woyendetsa boti akazimitsa injini pakati pa zigumukira za ayezi, mumamva kuthetheka kwa mpweya umene unatsekeredwa mkatimo kalekale. Izi ndi zimene ndalama zanu zikugula, ndipo ine ndimati n'zoyenera.

Tsono za mafunde, sindikunamizani. Sitima zambiri zimanyamukira ku Ushuaia, kum'mwera kwenikweni kwa Argentina, n'kuwoloka Drake Passage, nyanja ya pakati pa South America ndi Antarctica, ulendo wa masiku awiri kupita ndi awirinso kubwerera. Nthawi zina nyanja imakhala bata, nthawi zina mbale zimachita kuuluka patebulo, ndipo sitima yaing'ono imagwedezeka kwambiri kuposa yaikulu. Inu ndinu namwino, mankhwala a nseru mukuwadziwa kuposa ine. Changa n'choti muwamwe musanachoke mu Beagle Channel, mpata wa madzi umene sitima imadutsamo ikangonyamuka ku Ushuaia, osadikira kuti chizungulire chiyambe, ndipo mupemphe chipinda cha pansi chapakati pa sitima. Ngati mantha akadalipo, pali maulendo ena oyambira ku Punta Arenas ku Chile, okwera ndege maola awiri kukafika pa King George Island, n'kukakwera sitima konko. Amadula kwambiri, komanso chifunga chikatseka ndege siinyamuka.

Wina asakulonjezeni malo. Mabulosha amatchula Port Lockroy, kumene kuli kapositi ofesi ka a ku Britain, amatchula Lemaire Channel, mpata wopapatiza wa madzi pakati pa mapiri, ndi Deception Island, chilumba chimene sitima imalowa m'kati mwa chibowo cha phiri lophulika. Koma mawu omaliza ndi a kaputeni ndi mtsogoleri wa ulendo, malinga ndi mphepo ndi ayezi wa tsikulo. Apanso yaing'ono ili ndi mwayi, chifukwa pakatsekeka pano imapeza msanga pena pokocheza.

Inshuwalansi yolipira kukutulutsani kumeneko mukadwala musaisiye, chipatala chili kutali zedi. Za visa ya Argentina funsiranitu molingana ndi pasipoti yanu. Nyengo yake ndi Novembala mpaka Malichi, ndipo posankha tchuthi dziwani kuti anapiye a penguin amaswa chakumapeto kwa Disembala ndi mu Januwale, pomwe anangumi amachuluka mu Febuluwale ndi Malichi.