Ben Cash ndi bambo wabwino kapena ayi? Yang'anani Rellian

Mayi wina anditumizira imelo atawonera filimu ya Captain Fantastic. Funso lawo ndi ili: "Bambo uja ana ake amawakonda, koma ine ndaona ngati amawazunzanso. Kodi tikhale mbali ya ndani, ya iyeyo kapena ya apongozi ake?"

Zikomo Mayi polemba. Kwa amene sanaiwonere, filimuyi inatuluka mu 2016, ndipo anailemba ndi kuitsogolera ndi Matt Ross. Viggo Mortensen ndiye Ben Cash, bambo amene akulera ana asanu ndi mmodzi m'nkhalango za ku Washington State ku America, kopanda sukulu ndi sitolo. Anawo amasaka nyama, amakwera matanthwe, usiku amawerenga mabuku akuluakulu atazungulira moto. Mayi awo, Leslie, akudwala matenda a maganizo ndipo akudzipha ali kuchipatala. Banja lonse likukwera basi yawo, imene anaipatsa dzina loti Steve, ulendo wa kumaliro ku New Mexico.

Ine yankho langa ndi lakuti musayang'ane kwambiri akuluakulu awiriwo. Yang'anani Rellian, mnyamata wachiwiri uja wokhala ndwii nthawi zonse.

Ben amaphunzitsadi ana ake kuganiza, zimenezo sindikana. Kunyumba kwa azakhali awo Harper, mwana wake Zaja wa zaka 8 akufotokoza za Bill of Rights, gawo la malamulo aakulu a America lonena za ufulu wa anthu, m'mawu akeake, asuweni ake aakulu oyenda kusukulu tsiku ndi tsiku atangoti kakasi. Kielyr akanena kuti buku limene akuwerenga "ndi losangalatsa", Ben amakana mawu amenewo mpaka mtsikanayo atanena chenicheni chimene chamukhudza. Ndi maphunziro enieni amenewo, ndipo ine ndimawasirira.

Koma taonani tsiku limene banjali likukondwerera Noam Chomsky, katswiri wa zilankhulo wa ku America wodziwika potsutsa boma la dziko lake, m'malo mwa Khirisimasi. Rellian akufunsa chifukwa chimene sangachitire Khirisimasi ngati anthu ena onse. Ben akumuuza kuti chabwino, afotokoze mfundo zake, akawagonjetsa asintha. Kungomva, zikumveka ngati chilungamo. Koma mwana wamng'ono, amene mayi ake angomwalira kumene, angapambane bwanji mtsutso ndi bambo amene anamuphunzitsa mawu onse amene akudziwa, abale ake onse ali mbali ya bamboyo? Rellian akungochokapo. Iye sanali kufuna mtsutso. Anali kulira maliro, ndipo bambo ake sanamve. Vuto la Ben lili pomwepa: mwana ali ndi ufulu wotsutsa boma, chipembedzo ndi anthu achuma, koma moyo umene bambo anamusankhira sungatsutsidwe.

Ndi Rellian yemweyo amene akuvulala dzanja pokwera thanthwe n'kuuzidwa kuti apirire. Ndi yemweyonso amene anamvapo makolo ake akukangana, nayamba kukhulupirira kuti nkhalango ija inawonjezera matenda a mayi ake. Akathawira kwa agogo ake, ambiri amamuona ngati wogulitsa abale. Ine ndimaona mwana yekhayo amene analimba mtima kugwiritsa ntchito zimene anaphunzitsidwa pa mphunzitsi mwiniwakeyo.

Bodevan, woyamba kubadwa, bala lake ndi lomwelo koma amalibisa. Anamulandira ku mayunivesite monga Harvard, Yale ndi Princeton, koma makalatawo anawabisa, ndipo amene anamuthandiza kufunsira malo mwachinsinsi ndi mayi ake. Mnyamata yemweyu atangopsompsonana ndi mtsikana kwa nthawi yoyamba akugwada n'kumufunsira ukwati pomwepo, mayi a mtsikanayo akuona. Anthu amaseka pamenepa, koma ine zimandipweteka, chifukwa pambuyo pake akuuza bambo ake mokalipa kuti kupatula za m'mabuku palibe chimene akudziwa. Mfundo yoti Leslie ankamuthandiza mobisa ikutiuzanso kanthu: ngakhale mkazi wake ankavutika kumuuza Ben maso ndi maso kuti zina sizili bwino.

Tsono za apongozi, a Jack, amene akuseweredwa ndi Frank Langella. Filimu ikuyamba kutionetsa iwo ngati mdani: munthu wachuma, wa nyumba yaikulu, woopseza kuti Ben akafika pamaliro amumangitsa. Analakwa ponyalanyaza wilo ya mwana wawo. Leslie anali wa Chibuda ndipo analemba kuti mtembo wake adzauwotche, koma iwo anauika m'manda mwa mwambo wa tchalitchi. Komabe mvetserani zimene akumuwerengera mkamwini wawo: ana aphunzitsidwa kuba chakudya m'sitolo, mphatso zawo ndi mipeni, wina wavulala. Pali bodza pamenepo? Palibe. Ndipo posakhalitsa Ben akutuma mwana wake Vespyr kukwera padenga la nyumba ya agogowo kuti akatenge Rellian, mtsikanayo n'kugwa, dokotala n'kunena kuti panatsala pang'ono kuti alumale kapena afe. A Jack ndi bambo amene ataya mwana mmodzi ndipo akuopa kutayanso zidzukulu.

Mbali imene sindikhutira nayo ndi ya kumapeto. Ben akasiya ana kwa agogo awo, iwo akubisala m'basi n'kumutsatira, kenako akufukula mtembo wa mayi awo usiku n'kukauwotcha monga anafunira. N'zokhudza mtima, koma a Jack ndi akazi awo a Abigail akungozimiririka m'nkhani, ngati kuti manda a mwana wawo angatsegulidwe iwo osamva kanthu. Apa Matt Ross anamukondera Ben.

Chimene chimandibwezera kwa Ben n'chakuti anapepesa kwa Rellian, ndipo kupepesako kunaoneka m'zochita. Bodevan akumulola kunyamuka ulendo wa ku Namibia, dziko limene anasankha yekha. Otsalawo akukhala pafamu, akulimabe ndi kuweta nkhuku, koma tsopano akupita kusukulu. Choncho Mayi, Ben wa kumayambiriro sindingamusiyire mwana wanga, koma wa kumapeto ndingamusiyire, ndipo amene anamusintha ndi Rellian pamodzi ndi kugwa kwa Vespyr.